Disiki ya Bambo

"Disiki ya bambo sinapse, alamu. Munaipha ndinu, mtembo wake n'kudzaukoleka m'khosi mwanga."

Tsabola anayankhula mawuwa ali pakhomo pa situdiyo, phazi lina m'kati lina panja, sikuludiraiva ili m'manja ngati wabwera kudzabaya munthu. Kumbuyo kwake kunaima amayi ake, atakumbatira chikwama ndi manja awiri, diso lamanzere likadali lofiira chifukwa cha opaleshoni. Kunali kum'mawa, mashopu oyandikana nawo akadasesa m'makonde.

Alamu ake, amuna a achemwali ake, anali pampando akupukuta galasi la kamera ndi kansalu. Sanadzuke. Anamulumpha Tsabola ndi maso n'kukafikira pa amayi.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Mwatibweretsera injiniya wathu wa pafoni?"

"Tsegulani loko," anatero Tsabola.

Loko wake anali kaloko kamkuwa kolendewera kumbuyo kwa bokosi la kompyuta. Kanakhala pamenepo masabata atatu, ndipo masabata atatu onsewo Tsabola ankakalota.

Situdiyo inali ya malemu bambo ake. Anajambuliramo anthu zaka makumi awiri ndi ziwiri: maukwati, ziphaso, makanda ovekedwa masuti, ana omaliza sukulu atabwereka mikanjo. Zonsezo zinali pa disiki imodzi, ndipo anthu ankabwerabe kudzafunsa chithunzi cha zaka khumi zapitazo n'kuchipeza. Bambo atamwalira, alamu ndi amene anatenga kamera. Kompyuta yakale itayamba kutsokomola, anagula yatsopano, koma panalibe wodziwa kusamutsa zithunzi. Tsabola ankadziwa. Sanapite kukoleji iliyonse. Anaphunzira poonera mavidiyo pafoni ndiponso potumbula makompyuta akufa amene anthu ankataya kuseri kwa mashopu. Lolemba lina anachotsa disiki ya bambo m'kompyuta yakale n'kuimanga m'yatsopano kuti ikhale yachiwiri. Inaoneka bwinobwino. Anatsegula mafoda, anaseka ndi achemwali ake poona tsitsi la amayi la kalekale, n'kutseka.

Lachiwiri ananyamuka ndi amayi kupita kuchipatala chachikulu kukachititsa opaleshoni ya diso. Pobwerako Lachisanu anapeza nkhani itaphikidwa kale, itapsa, itagawidwa kwa abale onse. Akuti disiki yachiwiri yasowa m'kompyuta. Akuti Tsabola anaigwira ndi manja amagetsi n'kuiotcha m'kati. Alamu anamulanda kiyi wa situdiyo, n'kukoleka kaloko kaja kuti pasapezekenso wina woononga.

Amayi akanamutukwana zikanakhala bwino, chifukwa Tsabola ankadziwa kubweza zotukwana, n'chifukwa chake dzina lake lenileni linaiwalika ali ndi zaka zisanu. Koma amayi sanamukalipire. Anangofunsa kamodzi, akuyang'ana khoma: "Ngakhale chimodzi chokha cha bambo ako sichinatsale?" Munthu wojambula anzake sajambulidwa kawirikawiri. Zithunzi zochepa za bambo zinali pa disiki yomweyo. Kuyambira tsikulo amayi ankamupatsa Tsabola moni waulemu wonga wopatsa mlendo.

Dzulo lake Tsabola anagwada pamaso pawo, chinthu chimene sankachita. "Ndipatseni ola limodzi ndi kompyutayo, inu muli pomwepo. Ndikalephera kuionetsa disikiyo, ndivomera pamaso pa abale onse kuti ndine, ndipo m'situdiyo sindidzapondamonso." Ndicho chifukwa chake amayi anabwera.

"Kiyi wa kalokoka sindikudziwa kumene ndinaika," anatero alamu, akupukutabe galasi loyera kale.

"Apongozi," amayi anayankhula motsitsa, "mufunefune."

Kiyi anapezeka msanga, m'thumba la malaya omwe anavalawo.

Kuchipinda cham'kati kunkamveka chodulira mapepala, khwaa, khwaa. Achemwali anali kudula zithunzi za ziphaso. Anasuzumira pa katani, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo.

"Iwe Tsabola, sukanangopepesa basi? Nkhaniyi inatha kale, ukuifukuliranji?"

"Inatha kwa inu, achemwali. Ine ndikugona nayo."

Anazimitsa kompyuta, anazula pulagi kukhoma, n'kuligoneka bokosilo patebulo. Masikuluwu awiri, chivundikiro pambali. M'kati munali fungo la fumbi lofunda. Disiki ya bambo inali pamene anaimanga, pansi pa yatsopano. Tsabola anawerama n'kuunika ndi tochi ya pafoni.

Disiki imafuna mawaya awiri, wopyapyala wonyamula zithunzi ndi wotambalala wobweretsa magetsi. Wopyapyalayo anali m'malo mwake. Wamagetsi panalibe. Anamutsata ndi chala mpaka anamupeza atapindidwa kawiri, atamangidwa ndi tepi yakuda, atabisidwa kuseri kwa kafani koziziritsa kompyuta.

Mtima wake unagunda mokoma, ngati wa munthu woona mdani wake akutsetsereka pamatope. Sanamukhudze wayayo. Anajambula kaye ndi foni.

"Amayi, tabwerani ndi diso lanu labwinolo. Mwauona waya uyu? Ameneyu ndiye amadyetsa disiki ya bambo. Wayayu akuti anadzizula yekha, anadzipinda yekha, n'kupita kukagula tepi, n'kudzimanga."

Amayi anawerama, anayang'ana, n'kutembenukira kwa alamu.

"Ndinamuchotsa ine," anatero alamu mosatekeseka. "Chinthu chikapsa umachichotsa kumagetsi, kuopa kuti chingaotche chinzake. Zimenezo ngakhale pafoni amaphunzitsa, eti mlamu?"

"Masabata atatu simunanenepo kuti munalowetsamo dzanja."

"Unandifunsa?"

Tsabola analuma mlomo. Munthuyu anali ndi lilime loterera ngati sopo. Anamatula tepi, analumikiza waya mpaka anamva kuti wakhala, anabwezera pulagi n'kudina batani. Kafani kanayamba kuzungulira. Anaika chala pamsana pa disiki ya bambo. Inali kunjenjemera pang'onopang'ono, ngati mphaka akamasisitidwa.

Anagwira dzanja la amayi n'kuika chala chawo pomwepo. "Mukumva? Chinthu chopsa chimapuma chonchi?"

Amayi chala sanachichotse msanga.

Kompyuta itadzuka, Tsabola anatsegula pamene pamaoneka madisiki. Panali disiki yatsopano. Panali timakomo tinayi ta kachipangizo kowerengera makhadi a kamera. Disiki ya bambo panalibe.

Anatseka n'kutsegulanso. Panalibe.

Alamu anaseka kudzera m'mphuno. "Nkhuku ukaidula mutu imathamanganso, mlamu. Kunjenjemera si moyo. Amayi, ola lija layamba kale kapena tiyambe kuwerenga tsopano?"

Thukuta linatsika m'khwapa mwa Tsabola. Kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu, ganizo limene ankalithamangitsa linalowa n'kukhala pansi: bwanji ngati ndinaiotchadi? Lolemba lija anavala juzi yaubweya, ija imadzaza timagetsi m'thupi. Sanakumbuke ngati anayamba wagwira chitsulo cha bokosi asanakhudze disiki. Anaona m'maganizo mwake abale atadzaza pabalaza, iye ataima pakati, akunena kuti ndine, alamu akugwedeza mutu mwachisoni chabodza. Zala zake zinafuna kuponya mausi kukhoma. Anazikhazika patebulo mpaka zinamvera.

Anayatsanso kompyuta, ulendo uno akumenya batani limodzi mobwerezabwereza isanadzuke. Sikirini inasanduka yabuluu, yodzaza zilembo zokhazokha. Kumeneko ndi kumene kompyuta imawerengera ziwalo zake isanayambe ntchito, ndipo kumeneko sikunama. Anatsika mizere itatu. Madisiki anali awiri.

"Werengani apa, alamu, inu a sukulu. Angati?"

"Manambala okhaokha amenewo."

"Wani, thuu. Mpaka pamenepo ndikhulupirira munafika."

Anatuluka m'menemo, anaidikira kudzuka, n'kulowa pamene kompyuta imandandalika madisiki onse, ngakhale amene sinawapatse dzina. Inali pomwepo, mzere wautali pansi pa unzake, yopanda chilembo. Anamvetsa. Masabata amene disikiyo inali yozimitsidwa, kachipangizo ka makhadi kaja kanalanda chilembo chake. Disiki yopanda chilembo ili ngati nyumba yopanda khomo: ilipo, koma sungalowemo. Anaipatsa chilembo china. Kompyuta inalira kamodzi, ndipo disiki yachiwiri inatulukira pambali pa inzake ngati sinachokepo.

Tsabola anaimirira bwinobwino. Mawu amene akanene pa mphindi imeneyi anali atawakonza kalekale, posamba, poyenda, potsuka mbale. Ankafuna atsegule foda ya ukwati wa alamu omwewo, chithunzi chimene suti inali yothina m'khwapa, n'kuwauza kuti apepese atagwada pamaso pa chithunzi chawo chomwe.

"Amayi, khalani pafupi. Muwaone amuna anu."

Anadina kawiri.

Munali moyera. Munalibe foda, munalibe fayilo. Pansi pake kompyuta inalemba kuti malo onse ndi opanda kanthu.

Kunja kunadutsa njinga yamoto. Amayi anabwerera chambuyo mpaka miyendo yawo inagunda kampando kamene amakhalapo ojambulitsa, n'kukhala pansi, kumbuyo kwawo kuli chinsalu chojambulidwa mathithi ndi mitengo yobiriwira. Misozi inayamba ndi diso la opaleshoni lija, limene adokotala anati asamalitikite.

"Mwaona, amayi?" Mawu a alamu anali ofewa tsopano. "N'zimene ndinkakubisirani. Ndinkati bola muzingodziwa kuti inapsa, kusiyana n'kudzionera nokha chonchi. Mwanayu sanachite dala. Kungoti zinthu zophunzira pafoni…"

"Khalani chete."

"Tsabola," anatero achemwali kukatani.

"Ndati akhale chete."

Ankayang'anitsitsa sikirini. Disiki yoonongeka siikhala yaudongo chonchi. Imakakamira, imalira, imaonetsa mayina osweka. Iyi inali yosesedwa bwino, ngati chipinda chimene mwini wake wasamuka. Munthu anaifomata, kuisesa yonse. Koma ndani angafomate zaka makumi awiri ndi ziwiri?

Maso ake anatsikira pa kapepala komatidwa m'munsi mwa sikirini. Kanali kachikasu ndi ukalamba, ndipo kanakhala pa kompyuta yakale zaka zambiri mpaka aliyense anasiya kukaona. Wina anakasamutsira pa yatsopanoyi chifukwa kanali ndi dzanja la bambo. Panalembedwa mawu awiri: IKAFUNSA, INGOVOMERA.

Limeneli linali lamulo la bambo. Chingerezi cha kompyuta sankachimva, ndipo kasitomala akaima pakauntala sankafuna kutaya nthawi ndi timafunso totulukira pa sikirini. Ankati makinawa ali ngati munthu wolongolola, ukangovomera amakusiya. Nyumba yonse inakula ndi lamuloli, ndipo kwa zaka zonsezo silinapwetekepo munthu. Koma magetsi akazima disiki ili pakati pa ntchito, nthawi zina imasokonezeka mutu, ndipo kompyuta imafunsa funso limodzi loopsa: ndiisese yonse kuti iyambirenso? Munthu wa m'situdiyo muno akanayankha bwanji?

Pamenepo Tsabola anadziwa zinthu ziwiri.

Choyamba, kompyuta ikasesa disiki imasiyamo kafoda kake kobisika, ndipo kafodako kamakhala ndi tsiku ndi nthawi.

Chachiwiri chinali chachikulu. Kusesa kwachangu kotereku sikufufuta zithunzi. Kumangong'amba tsamba la m'ndandanda, zithunzizo n'kutsala pansi, bola pasalembedwe zina pamwamba pake. Ndipo palibe chinalembedwapo, chifukwa alamu, pofuna kubisa mlandu, anazula waya. Mwina si zonse, koma zambiri zikanabwerera. Anachitapo zimenezi kawiri pa makhadi a kamera.

Anayang'ana amayi. Anali kupukuta diso ndi nsonga ya mpango, akulakwira lamulo la adokotala. Mawu ochepa chabe akanaumitsa misoziyo. Tsabola anawamva akukwera kukhosi. Anakumbuka moni waulemu uja wa masabata atatu, anakumbuka azakhali ake akumuuza pafoni kuti mtsikana azidziwa malire a manja ake, ndipo anawameza mawuwo. Alire kaye. Onse alire kaye.

Anauza kompyuta kuti ionetse zobisika. Kafoda kotuwa kanatulukira. Analoza ndi nsonga ya sikuludiraiva.

"Disikiyi sinapse. Inasesedwa ndi munthu, ndipo kompyuta inalemba tsiku. Lachitatu, pa folotini, nthawi itangopitirira leveni koloko m'mawa. Amayi, Lachitatu limenelo ine ndinali kuti?"

Amayi anakweza mutu pang'onopang'ono. "Ndi tsiku limene anandilowetsa ku fiyeta kukandichita opaleshoni."

"Ine ndinali kuti?"

"Unali pabenchi panja. Potuluka unandigwira dzanja, unandimwetsa madzi ndi supuni."

"Ndiye kuti ndinali ndi dzanja lachitatu, lalitali, lochoka kuchipatala kudzafika muno."

Anatembenukira kwa alamu, ndipo zonse zimene anasunga zinatuluka nthawi imodzi, zosatsata dongosolo limene anakonza.

"Inu. Munalowa m'nyumba mwathu ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato zobwereka. Bambo anakuphunzitsani kugwira kamera, poyamba munkadula anthu mitu. Lero mwasesa moyo wawo wonse ndi chala chimodzi, n'kukhala pansi kuganiza kuti ndimupachike ndani. Munasankha ine chifukwa ndilibe pepala, chifukwa ndikakwiya ndimaoneka ngati wolakwa. Munaimbira azakhali. Munaimbira amalume. Munandilanda kiyi wa situdiyo ya bambo anga pamaso pa makasitomala. Lero muwaimbiranso onsewo, mmodzimmodzi, foni ili pa sipika, ndipo mukanena kuti…"

"Si ine."

"Mukanena kuti ndine wabodza, ndine wamantha, ndinasesa…"

"Ndati si ine!" Alamu anaimirira, kansalu kaja kanagwa pansi. "Lachitatu limenelo ndinali kusukulu ya kuseri kwa msika, kujambula makalasi onse, kuyambira seveni mpaka folo koloko. Kafunse ahedi. Muno sindinapondemo mpaka madzulo."

Atangomaliza, nkhope yawo inasintha. Anatseka pakamwa ngati angawabweze mawuwo.

Tsabola anaima ndi pakamwa potsegula, mawu otsatira ali pa lilime. Makiyi a situdiyo anali atatu. Wake anali m'chikwama chake kuchipatala. Wa alamu anali kusukulu.

Chodulira mapepala chinali chitasiya kulira kalekale. Achemwali anaima pakatani, m'manja muli timapepala ta ziphaso, nkhope zinayi za munthu mmodzi. Sanayang'ane aliyense.

Mkwiyo wa Tsabola unali utathamanga mtunda wautali kulowera kumodzi, ndipo tsopano unaima osadziwa kopita. Kenako unatembenuka, wozizira kuposa poyamba. Achemwali ndi amene ankabwera kunyumba madzulo aliwonse masabata atatuwo. Ankakhala pabedi pake, kumusisita pamsana, kumuuza kuti kulakwitsa n'kwa aliyense, kuti angopepesa ndipo anthu aiwala.

"Waya ndinazula ine," alamu anayankhula mofulumira. "Loko ndine. Nkhani ya kupsa ndinaipeka ine. Ndinamupeza akulira, magetsi anali atazima ndi kubwera, iye anangotsata kapepalako. Ukufuna wogwada, ndigwada ine. Koma uyu musiye, ukuona mmene alili."

"Mimba siitseka pakamwa, alamu."

"Mwana wanga," anatero amayi. Kanali koyamba kumutchula choncho chibwerereni kuchipatala. "Ndaona. Si iwe. Ndakulakwira, ndipo azakhali ako ndiwauza ndekha. Zithunzi zapita, zapita basi. Tisiyire pomwepa, mkulu wakoyu asadwale nazo."

"Tisiyire pomwepa," Tsabola anabwereza. "Pamene ndinali ine simunati tisiyire pomwepa."

Anazimitsa kompyuta. Anazula pulagi, anazula mawaya onse awiri, anamasula masikuluwu anayi mosafulumira, aliyense akumuyang'ana. Anatulutsa disiki ya bambo, ikadali yofunda, anaikulunga m'mpango wake n'kuigwira pachifuwa.

"Zithunzi sizinapite."

Amayi anasiya kupukuta diso.

"Zili momwemu, pansi. Ndikudziwa kuzivuula, mwina masiku awiri, mwina atatu. Bambo alimo, ukwati wa achemwali ulimo. Mukaipereka kwa wina n'kulakwitsa kamodzi kokha, zipitadi."

"Unadziwa nthawi yonseyi?" anafunsa amayi. "Ine ndikulira apa?"

"Mwalira mphindi khumi, amayi."

Anadutsa pafupi ndi alamu osawayang'ana, n'kukaima pamaso pa achemwali ake, pafupi kwambiri mpaka mpango wa disiki unakhudza mimba.

"Za kudina sindikukuimbani mlandu. Ngakhale bambo akanadina. Koma munakhala pabedi panga, dzanja lanu lili pamsana panga, mukundiuza kuti ndipepese. Disikiyi sindiyatsa mpaka ndimve pakamwa panu, osati pa amuna anu. Ayi, musayang'ane pansi, pansipo palibe amene munamunamizira. Ayang'aneni amayi, muwauze amene anasesa zithunzi za bambo. Mukatero mundiyang'ane ine, mundiuze kuti pondisisita paja munkaganiza chiyani. Yankhani, achemwali."